Disiki ikayamba kuchedwa musathamangire kuifomata

A Mkonzi,

Ndipatseniko mpata m'nyuzipepala yanuyi ndiyankhule ndi anzanga amene amasunga zithunzi, nyimbo ndi makanema pa hadi disiki, makamaka kabokosi konyamula m'thumba kaja timangoti external. Ine ntchito yanga ndi yojambula makanema a maukwati, zinkhoswe, makwaya ndi ziliza kuno ku Ntcheu, ndipo pakashopu kanga pa boma timabenanso nyimbo ndi mafilimu m'mafulashi ndi m'mamemori khadi. Anthu akaona madisiki ali mbwee patebulo panga amandiyesa sing'anga wake, ndiye yawo ikangoyamba kuvuta amabwera nayo kwa ine. Dandaulo limakhala lomwelomwelo: poyamba inkathamanga, pano kukopa filimu imodzi munthu mpaka kuwodzera. Chimene chimandiwawa n'choti ambiri amafika atauzidwa kale kwina kuti muli vayirasi, kapena kuti yatha ntchito agule ina. Ena amafika atafomatitsa kale, zithunzi za ana ndi za malemu makolo awo zitapita. Si disiki iliyonse yochedwa imene yafa, ndipo kuchedwako kuli ndi zifukwa zingapo zimene mwiniwake angathe kuzisiyanitsa yekha asanatulutse ndalama. Chimodzi mwa izo, chimene okonza makompyuta amakonda kuchitchula koma osachifotokoza bwino, ndi kumwazikana kwa mafayilo.

M'kabokosimo, kaya ndi ka Seagate, Western Digital kapena Toshiba, muli mbale yozungulira imene imasunga zinthu ndi mphamvu ya maginito, ndiponso kamkono kamene kunsonga kwake kuli kamutu kowerenga ndi kulemba. Mukaika disiki kukhutu ikugwira ntchito mumamva kulira kwapansipansi, imeneyo ndi mbaleyo. M'madisiki ambiri a m'laputopu ndi onyamula m'thumba, mbale imazungulira ka 5,400 pa mphindi, komwe kuli ka 90 pa sekondi imodzi. Ambiri a m'makompyuta a padesiki amazungulira ka 7,200 pa mphindi, ka 120 pa sekondi. Luso limeneli ndi lakale ndithu. Kampani ya IBM inatulutsa disiki yoyamba mu 1956, inali ndi mbale 50, ndipo zimene inkasunga sizinkapitirira 5 MB, malo amene lero nyimbo imodzi ya kwaya ikhoza kudzaza. Kuchokera nthawi imeneyo madisiki achepa thupi n'kukula mimba, koma chinthu chimodzi sichinasinthe: kuti awerenge kanthu, kamkono kayenera kusuntha kukafika pamzere woyenera, kenako n'kudikira kuti mbale ibweretse malowo pansi pa kamutu.

Disiki ikakhala yatsopano, mafayilo amaikidwa mondondozana. Windows imagawa malo m'timagawo ting'onoting'ono, nthawi zambiri ta 4 KB pa disiki yofomatidwa mwa NTFS, imene ndi njira ya Windows yosanjira mafayilo, ndipo filimu yoyamba imatenga timagawo totsatizana, yachiwiri n'kuyambira pamene yoyamba yathera. Vuto limayamba tikayamba kufufuta. Mwachotsa nyimbo 40 apa, zithunzi 300 apo, filimu imodzi uko, ndipo paliponse patsala mpata. Mawa mwabwera ndi kanema wamkulu wa ukwati, pamene disiki ili pafupi kudzaza. Mpata umodzi woti kanemayo akwanemo yense palibe, choncho kompyuta imamudula n'kumulowetsa m'mipata ija, chidutswa apa, chidutswa apo, n'kulemba m'kaundula wake kuti chakuti chili pakuti. Fayiloyo siinawonongeke, mukaitsegula imatuluka yathunthu. Kungoti kamkono kaja tsopano kali ndi maulendo ambiri.

Ife a ku Ntcheu ndi Dedza izi sizofunika kutifotokozera nthawi yaitali, chifukwa ambirife minda yathu ndi yomwazikana. Munthu ali ndi kandime kuseri kwa nyumba, kena kudimba, kena kuphiri kumene amadzala kachewere, kena kumudzi kwa akazi ake. Mukaphatikiza zonse ndi ekala imodzi basi, yofanana ndi ya mnzake amene yake ili pamalo amodzi. Koma mnzakeyo akamaweruka, uyu amakhala atathera theka la tsiku m'njira khasu lili paphewa. Khasu ndi lomwelo, mphamvu ndi zomwezo, yadya nthawi ndi njira.

Tsopano tiwerengere, chifukwa pamenepa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi anzanga ena okonza makompyuta. Ulendo umodzi wa kamkono, kuphatikizapo kudikira mbale, umatenga pafupifupi mamilisekondi 15 pa disiki ya m'thumba. Milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, ndiye mukhoza kuseka kuti n'chiyaninso chimenecho. Koma disiki yomweyo ikamawerenga zinthu zondondozana imatha kutulutsa pafupifupi 100 MB pa sekondi. Kutanthauza kuti ulendo uliwonse umataya nthawi imene ikanawerenga 1.5 MB. Titenge kanema wa 2 GB. Akakhala pamalo amodzi, amawerengedwa m'masekondi 20. Akadulidwa zidutswa 30, maulendo onsewo sakwana n'komwe theka la sekondi, ndipo palibe munthu angazindikire kusiyana kwake. Akadulidwa zidutswa 2,000, pawonjezeka masekondi 30, ntchito ya masekondi 20 yasanduka ya 50. Akafika zidutswa 20,000, pawonjezeka mphindi 5 zathunthu. Manambalawa ndi apafupifupi, disiki ina imathamangako pang'ono ina n'kuchedwerako, koma chithunzi chake ndi chimenecho.

Choncho funso si lakuti kodi fayilo yadulidwa kapena ayi. Funso ndi lakuti zidutswazo ndi zazikulu bwanji. Zikakhala zikuluzikulu palibe chodetsa nkhawa. A Microsoft eni ake anaona zimenezi, ndipo kuyambira pa Windows Vista pulogalamu yawo yosonkhanitsa mafayilo simavutikanso ndi zidutswa zoposa 64 MB, imangozisiya pamene zili, chifukwa kuzisuntha n'kutaya nthawi pachabe. Zimene zimapha liwiro ndi tizidutswa ting'onoting'ono tambirimbiri, ndipo timeneti timabadwa pa disiki imene imakhala yodzaza nthawi zonse kwinaku ikufufutidwa ndi kulembedwa tsiku ndi tsiku. Ndife amene timabena nyimbo ndi ojambula makanema amene timakumana nazo kwambiri. Nyengo ya Umhlangano wa Angoni a Maseko ku Nkolimbo, kapena miyezi ya maukwati anthu akakolola, disiki yanga imakhala ikuonetsa kamzere kofiira kaja Windows imaonetsa malo otsala akachepera magawo 10 pa 100 alionse. Ndimachotsa kanthu kuti ndilowetse kanthu. Kanema amene ndikumutulutsa mu pulogalamu yodulira amakula pang'onopang'ono akulembedwa, ndipo kompyuta imangomutola mipata iliyonse imene yapezeka. N'chimodzimodzi mafayilo amene mukutsitsa pa intaneti angapo nthawi imodzi. Koma mphunzitsi amene anaika zithunzi ndi manotsi ake pa disiki n'kumangozitsegula mwa apo ndi apo, theka la disiki lili lopanda kanthu, vuto lake si limeneli, ngakhale wokonza atalumbira.

Palinso china chimene anthu amasokoneza. Wina amati filimu ikudukizaduka poonera, ndiye kuti mafayilo amwazikana. Kawirikawiri si choncho. Kuonera filimu wamba kumangofuna ma MB ochepa pa sekondi, osafika n'komwe 5, ndipo disiki yomwazikana ndithu imakwanitsabe zimenezo. Kumwazikana kumaonekera pokopa fayilo yaikulu, podula kanema, kapena poyatsa kompyuta imene Windows yake ili pa disiki yozungulira. Filimu ikamadukiza, yang'anani kwina: mwina kompyutayo ndi yofooka, mwina fayiloyo inakopedwa yolumala kale, mwina disiki ikudwala matenda ena.

Disiki yodzaza imachedwanso pa chifukwa china chosakhudzana ndi zidutswa. Mizere ya kunja kwa mbale ndi yaitali kuposa ya mkati, ndiye imanyamula zambiri, koma mbale yonse imazungulira pa liwiro limodzi. Motero kamutu kakakhala kunja kamatola zambiri pa kuzungulira kumodzi, kakafika mkati kamatola pafupifupi theka lake. Disiki imayamba kudzaza kuchokera kunja kulowa mkati. N'chifukwa chake ili yatsopano inkauluka, ndipo zimene mwaika posachedwapa zimabwera mwaulesi. Apa palibe mankhwala ena koma kuipepuza.

Musanaganize zonsezi, yang'anani kaye chingwe ndi kabowo kamene mwalowetsamo. Aphunzitsi ena a kudera la Tsangano anabwera ndi external yawo ali okonzeka kale kugula ina, ati yakalamba. Nditawafunsa kumene amailowetsa, anandionetsa kabowo kakuda ka m'mbali mwa laputopu, pamene mbali inayo kunali kabuluu kali phee, sikanagwirepo ntchito. Kakudako kanali ka USB 2.0, kamene pogwira ntchito yeniyeni kamadutsitsa pakati pa 30 ndi 40 MB pa sekondi basi. Kabuluu ndi ka USB 3.0, kamene kamalola disiki kutulutsa mphamvu zake zonse. Titangosintha, kanema amene ankatenga mphindi yathunthu anadutsa m'masekondi osaposa 25. Chingwe chotopa kapena chotchipa chimachitanso zomwezo, ndipo nthawi zina chimachititsa disiki kuzimazima ngati kandulo imene ikutha. Komanso dziwani kuti foda ya zithunzi 5,000 imachedwa kukopa kuposa filimu imodzi ya kukula komweko, ngakhale pa disiki yatsopano, chifukwa fayilo iliyonse ili ndi maulendo ake ndi zolemba zake m'kaundula. Ndipo anzanga obena nyimbo, chizolowezi chotsegula mawindo anayi okopera nthawi imodzi kuti makasitomala anayi achoke msanga n'chodzinamiza. Kamkono n'kamodzi, mumangokathamangitsa uku ndi uku, onse anayi n'kuchedwa. Kopani mmodzimmodzi, muona kusiyana.

Za vayirasi sindikukana, iliko ndipo imayenda m'mafulashi athu ngati chimfine. Koma imene timakumana nayo kwambiri ili ndi zizindikiro zake, mafoda amabisika n'kutsala timashotikati tokhatokha. Zinthuzo zimakhala zikadali momwemo, ndipo wodziwa ntchito amazibweza popanda kufomata.

Chimene chimandiopsa ine ndi disiki imene ikufa, chifukwa nayo imayamba ndi kuchedwa. Malo ena pambale akawonongeka, kamutu kamayesa kuwerenga pomwepo mobwerezabwereza, kukopa n'kuima pa nambala imodzi kwa mphindi zingapo, kenako n'kupitirira, kenako n'kuimanso. Nthawi zina mumamva kugogoda, kho kho kho, mkati. Madisiki athu amavutika, a Mkonzi. Amayenda m'chikwama pa njinga yamoto m'misewu ya mabampu, amagwa patebulo akuzungulira, amazulidwa osatsanzika, magetsi amawathimira ali pakati pa kulemba. Mayi wina, mlembi wa kwaya ina ya kufupi ndi Kampepuza, anabweretsa disiki imene munali makanema onse a kwaya yawo. Mnyamata wina anali atawauza kuti ingofunika kuisonkhanitsa, n'kuisiya ikugwira ntchito imeneyo usiku wonse, pamene inali ikugogoda kale. Kusonkhanitsa mafayilo ndi ntchito yolemetsa, disiki imawerenga ndi kulemba kwa maola ambiri osapuma. Kwa disiki yodwala, kumeneko n'kuimaliza. Tinapulumutsako zochepa.

Ndiye ine dongosolo langa ndi ili, ndipo silifuna ndalama. Choyamba, disiki ikangosintha khalidwe, kopani zofunika kwambiri kupita kwina, kaya pa laputopu, kaya pa disiki ya m'bale wanu, musanachite china chilichonse. Kenako ifunseni za thanzi lake. Disiki iliyonse imasunga yokha mbiri ya matenda ake, njira imene amaitcha SMART, ndipo pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imawerenga mbiriyo n'kukuonetsani. Ikalemba Good mwa mtundu wabuluu, pitirizani. Ikaonetsa chikasu n'kulemba Caution, makamaka pa mzere wa malo owonongeka amene yawalowetsa m'malo, musaisonkhanitse, ingosamutsani katundu wanu. Ikakhala yabwino, lembani defrag pamalo ofufuzira a Windows, mutsegule Defragment and Optimize Drives, musankhe disikiyo, mudine Analyze. Ikupatsani nambala ya kumwazikana. Ikakhala yochepa, monga 2 kapena 5 pa 100, vuto lanu lili kwina. Ikakwera kupitirira 10, dinani Optimize muisiye igwire ntchito, ndipo musaisunthe. Chitani zimenezi pa laputopu ya batire yodzaza, osati pa kompyuta ya padesiki madzulo amene magetsi akuphethiraphethira.

Koma pulogalamuyi imafuna pogwirira. A Microsoft amanena kuti kuti igwire ntchito mokwanira, pakhale malo opanda kanthu osachepera 15 pa 100. Pa disiki ya 1 TB ndiye kuti pafupifupi 150 GB. Ndikudziwa kuti kwa munthu amene anaigula movutikira zimapweteka kuona malo onsewo akungokhala, koma malo amenewo ndi amene amachititsa kuti fayilo yatsopano ipeze pokhala pamodzi. Ine ndimaona kuti kusiya malowo n'kofunika kuposa kusonkhanitsa kumene, chifukwa disiki yopuma bwino simwazikana msanga. Ambirife tili ndi mafilimu amene tinaonera kalekale ndipo sitidzawaoneranso, komanso foda imodzi yokopedwa katatu m'maina osiyana.

Ena adzati Windows imachita zimenezi yokha sabata iliyonse, ndipo akunena zoona, zinayamba ndi Vista. Pa Windows 7 nthawi yake inali Lachitatu 1 koloko usiku, ndipo pa zatsopanozi imadikira nthawi imene kompyuta ili yoyaka koma palibe akuigwiritsa ntchito. Kwa anthu a m'maofesi amene makompyuta awo amakhala oyaka tsiku lonse zimayenda. Kwathu kuno laputopu imayatsidwa pa ntchito yake n'kuzimitsidwa kuti batire isathe, ndipo external imakhala m'dilowa, imangolumikizidwa mphindi 20 zokopera. Nthawi yoti isamalidwe yokha siipeza.

Ngati disiki yanu inafomatidwa mwa njira ina yotchedwa exFAT, monga zimabwerera zina kuchokera kusitolo kuti zizigwira pa Windows ndi pa Mac pomwe, mukhoza kupeza kuti pulogalamu ija ikukana kuigwira. Njira yake ndi yachikale koma yodalirika: samutsirani zonse pa disiki ina, tsimikizani kuti zafika ndipo zikutseguka, fomatani yoyambayo, kenako bwezerani foda imodziimodzi. Mafayilo amakakhala mondondozana ngati pa disiki yatsopano. Kufomata kotereku ndiye kwanzeru, chifukwa katundu ali pabwino. Pofomatapo pewani FAT32 ngati mumasunga makanema aakulu, chifukwa siilandira fayilo yoposa 4 GB, ndipo idzakuuzani kuti fayilo yakula pamene malo alipo ambirimbiri.

Zonse ndanenazi ndi za disiki ya mbale yozungulira yokha. Fulashi, memori khadi, foni ndi disiki ya makono yotchedwa SSD mulibe mbale, mulibe kamkono. Zimasunga zinthu m'timaselo ta magetsi, ndipo SSD imafika paliponse m'kanthawi kosakwana milisekondi imodzi, kaya chidutswa chili koyambirira kaya kumapeto. Timaselo timeneti timatha pang'onopang'ono tikamalembedwa mobwerezabwereza, choncho kusonkhanitsa mafayilo pa fulashi n'kuikalambitsa popanda phindu. Ndimamva chisoni ndikaona mnyamata akulipiritsa mayi wa geni ya tomato ku Lizulu kuti amusonkhanitsire memori khadi ya m'foni. Khadi ikamachedwa nthawi zambiri ndi yotchipa chabe, kapena ndi zachinyengo zija zolembedwa 64 GB pamene mkati muli malo ochepa, zimene zimalandira nyimbo bwinobwino koma pokatsegula n'kupeza theka silikuimba. Pa laputopu ya SSD, batani lija la Optimize musaliope, Windows imazindikira yokha mtundu wa disiki, ndipo ntchito yaikulu imene imachita pamenepo ndi kuuza SSD malo amene afufutidwa kuti iwakonzeretu, zimene amazitcha TRIM. Ingopewani mapulogalamu akale otsitsa pa intaneti amene amasonkhanitsa chilichonse mosasankha. Ndipo amene laputopu yake imatenga nthawi yophika nsima kuti iyake, ngati thumba likulola, kusintha disiki ya mkati n'kuikamo SSD kumathandiza kuposa kusonkhanitsa kulikonse, yakaleyo n'kuigulira kabokosi ikhale external.

Pempho langa likupita kwa anzanga amene timakonza ndi kubena m'misika ya Ntcheu, Lizulu, Dedza mpaka ku Chimbiya. Kasitomala akabwera ndi disiki yochedwa, musanatchule vayirasi kapena kufomata, mutembenuzireni sikirini aone yekha zinthu ziwiri, zimene CrystalDiskInfo yanena ndi nambala ya Analyze. Zimatenga mphindi zosakwana 10. Ndipo mufunseni ngati zimene zili m'disikimo zilinso kwina, chifukwa makasitomala ambiri sadziwa kuti kufomata kumachotsa zonse mpaka atafika kunyumba. Aphunzitsi a makompyuta m'sukulu zathu za sekondale nawonso atathandiza kuphunzitsa ana zimenezi ndi disiki yakufa yotsegulidwa, kuti aone mbale ndi kamkono ndi maso awo. Ine ndili nawo akufa angapo m'katoni pashopu, sukulu imene ikufuna idzatenge.

Ine wanu,
Wojambula makanema,
Ntcheu boma.